Tawina, Aluza: Usiku Umene Clemson Inagonja ku Durham

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKA ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Lero tikamba za mtima wa munthu wochemerera timu, makamaka pa tsiku limene timu yake yagonja masewero oyamba enieni a chaka, komanso yagonjera koyenda. Nkhaniyi tikaitenga ku America, ku mpira wa m'mayunivesite. Ndasankha kutali dala, chifukwa za matimu akwathu zimatitenthetsa mitu msanga, timayamba kutsutsana tisanamvetsetsane.

Ndiyambe ndi mpira wake, poti si umene tinazolowera. Mpirawo ndi wotalikirapo ngati dzira, wosongoka mbali zonse ziwiri, ndipo nthawi zambiri amathamanga nawo m'manja kapena kuponyerana. Kumenya ndi phazi n'kwa apo ndi apo. Timu iliyonse imalowetsa osewera 11, ovala zipewa zolimba ndi zotchinga mapewa, chifukwa kugwetsana n'kololedwa. Bwalo ndi lotalika mayadi 100, pafupifupi mamita 91. Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mipata inayi kuti isunthe mayadi 10. Ikakwanitsa imapatsidwa ina inayi, ikalephera mpira umapita kwa anzawo. Kuwoloka nawo mzere wakumapeto, kumene eniake amati touchdown, kumapatsa mapointi 6, n'kuwonjezerapo imodzi mukamenya bwino pakati pa mitengo. Mukaona kuti kumzereko simufikako, mutha kungomenyera pakati pa mitengoyo muli chapatali, n'kutola mapointi 3. Izi zisungeni, tizifuna posachedwa.

Tsopano tiyeni ku Clemson. Ndi katauni kakang'ono m'chigawo cha South Carolina, anthu ake sakwana n'komwe 20,000. Koma bwalo la yunivesite ya pamenepo, Memorial Stadium, limalowa anthu opitirira 80,000, ndipo Loweruka la mpira limadzaza thothotho, aliyense atavala zamtundu wa lalanje. Pamwamba pa kaphiri kumapeto kwa bwalolo pali mwala umene unachokera ku Death Valley ku California, umene anapatsidwa kochi wakale Frank Howard. Osewera asanalowe m'bwalo amausisita mwalawo, kenaka n'kutsetsereka kaphiriko ali paliwiro, khamu likukuwa. Anthu a kumeneko anakula akuona zimenezi. Ambiri mwa masapota sanaphunzirepo pa yunivesiteyo. Timuyo anaipeza m'nyumba, monga mmene munthu amapezera mpingo wa makolo ake.

Ndipo anali atazolowera kupambana. Pansi pa kochi Dabo Swinney, Clemson inatenga ukatswiri wa dziko lonse kawiri, mu nyengo ya 2016 ndi ya 2018, maulendo onse awiri pogonjetsa Alabama. Kwa zaka 12 zotsatizana, kuyambira 2011 mpaka 2022, sinatsikepo pansi pa masewero 10 opambana pachaka. Mwana amene anayamba sukulu mu 2011 anafika pomaliza sekondale asanaonepo chaka chovuta.

Chinthu china chimene muyenera kudziwa ndi kufupika kwa nyengo yawo. Ligi ya mpira wamiyendo ku England ili ndi masewero 38, ndipo timu ikapunthwa sabata yoyamba pamakhala miyezi yambiri yokonzera. Kumeneku masewero okhazikika ndi 12 okha, kuyambira kumapeto kwa Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Sepitembala mpaka kumapeto kwa Novembala. Mu 2023, matimu anayi okha ndi amene ankasankhidwa kuti akalimbirane ukatswiri wa dziko, ndipo panali pasanalowepo timu imene inagonja kawiri. Choncho kugonja tsiku loyamba kunkatanthauza kuyenda chaka chonse pa kamlatho ka mtengo umodzi.

Ikatha nyengoyo, kudikira kumakhala kwa miyezi isanu ndi itatu. Nyengo ya 2023 isanayambe, Clemson inali itasewera komaliza pa 30 Disembala 2022, pamene inagonja kwa Tennessee 31 kwa 14. Kuchoka pamenepo mpaka Sepitembala kunalibe mpira. M'miyezi imeneyo sapota amadya chiyembekezo chokha. Mu Januwale timuyo inalemba ntchito Garrett Riley kuti azikonza njira zofunira mapointi, munthu amene anali atangothandiza timu ya TCU kufika mu fainolo ya dziko lonse. Wotsogolera masewero m'bwalo, amene amati quarterback, anali mnyamata Cade Klubnik, amene ali ku sekondale ankatamidwa dziko lonse. Atolankhani ovota pa mndandanda wa Associated Press anaika Clemson pa nambala 9. Timu imene amakakumana nayo, Duke, sinali n'komwe pa 25 zapamwamba. Duke imadziwika ndi basketball, kumene kochi Mike Krzyzewski anatenga zikho zisanu za dziko lonse. Pa mpira uwu anthu ambiri ankaiona ngati poyambira pofewa.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Tiyerekeze bambo mmodzi wa ku Clemson. Dzina sindimupatsa, chifukwa otere analipo ambiri. Ndi Lolemba, pa 4 Sepitembala 2023, tsiku la tchuthi cha anthu apantchito ku America. Wadzuka m'mawa, watsuka galimoto, wamangirira timbendera tiwiri ta lalanje pamazenera. Wanyamula mwana wake wamkazi wa zaka 12, amene aka n'koyamba kukaonera masewero koyenda. M'chikwama mwake muli ndalama zapepala za madola awiri, iliyonse yodindidwa chidindo cha phazi la nyalugwe. Umenewu ndi mwambo weniweni wa masapota a Clemson, unayamba mu 1977. Ndalama ya madola awiri sionekaoneka ku America, ndiye akapita koyenda amagulira imeneyo chakudya ndi mafuta, kuti eni mashopu akamawerenga ndalama madzulo adziwe kuti a Clemson anadutsa pano. Munthu wonyamula ndalama zotero sanyamuka ngati mlendo wamanyazi. Amapita ngati mwini zinthu.

Ulendo wa ku Durham, m'chigawo cha North Carolina, ndi wa makilomita opitirira 400, maola anayi ndi kanthu pa msewu waukulu wa I-85. Masewero anayamba 8 koloko usiku pa bwalo la Wallace Wade, kuno kwathu ili 2 koloko m'bandakucha wa Lachiwiri. Usiku umenewo kunalibe masewero ena akuluakulu a m'mayunivesite, ndiye dziko lonse linali pa kanema kuonera omwewa.

Chigawo choyamba chinatha Clemson ikutsogola 7 kwa 6. Sizinali zokoma, koma bambo uja anamuuza mwana wake kuti asade nkhawa, anyamata akungochotsa dzimbiri. Atabwerako kopuma, quarterback wa Duke, Riley Leonard, anapulumuka m'manja mwa amene anamugwira kale, n'kuthamanga mayadi 44 mpaka kuwoloka mzere. Duke 13, Clemson 7.

Apa ndi pamene nkhani imawawira, chifukwa Clemson sinaleke kusewera. Inkautenga mpira n'kuyenda nawo bwalo lonse bwinobwino, mpaka usiku wonsewo inasonkhanitsa mayadi opitirira 400, kuposa Duke. Koma ikafika pakhomo penipeni, zinthu zimasokonekera. Kawiri anayesa kumenya pakati pa mitengo kuti atole mapointi 3, kawiri konse a Duke anautchinga mpirawo. Kawiri anafika mayadi osakwana 10 kuti awoloke mzere, kawiri konse mpira unapulumuka m'manja. Ulendo wachiwiriwo kunali kutatsala yadi imodzi yokha. Yadi imodzi, omvera, phazi limodzi lalitali la munthu wamkulu. Wothamanga ndi mpira, Phil Mafah, anagundidwa, mpira n'kugwa pansi, wa Duke n'kuutola n'kuthawa nawo mayadi opitirira 50 kulowera kwina. Dzina limenelo la Mafah lisungeni.

Masewero anatha 28 kwa 7. Duke inali isanagonjetsepo timu ya pa 10 zapamwamba chiyambire 1989, ndipo imene inagonja chaka chimenecho inali Clemson yomweyo. Ophunzira a Duke analumpha mipanda n'kudzaza bwalo, kuvina ndi kukumbatirana. Ubwino wogonjera pakhomo ndi wakuti chisoni mumagawana anthu 80,000, mumatuluka mwakachetechete nonse pamodzi. Koyenda, chisoni chako umachinyamula kudutsa pakati pa chikondwerero cha eniake. Bambo uja anagwira dzanja la mwana wake, jezi ya lalanje ikuwala pakati pa nyanja ya zobiriwira ngati thambo, mpaka kukafika pamene anaimika galimoto.

Nthawi yapitirira 11 koloko usiku. Mawa ndi tsiku la ntchito ndi sukulu. Kutsogolo kuli maola anayi a msewu wamdima. Timbendera tija tikungopupuma pamazenera, ndipo ndalama za madola awiri zotsala zili m'thumba. Watsegula wailesi, wamva anthu akuimba mafoni mokalipa, waitseka. Patapita nthawi mwana uja akufunsa ali kumpando wakumbuyo: "Adadi, ndiye kuti chaka chathera pomwepa?"

Funso limenelo ndi limene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa yankho la bamboyo likhala phunziro kwa mwanayo kuposa masewero onse.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Mu 1976, katswiri wa za maganizo a anthu, Robert Cialdini wa ku Arizona State University, pamodzi ndi anzake, anasindikiza kafukufuku amene anachitika pa mpira womwewu. Ankalowa m'makalasi a mayunivesite asanu ndi awiri Lolemba lililonse, n'kumawerenga ophunzira amene avala malaya a dzina la sukulu yawo. Anapeza kuti timu ikapambana Loweruka, ovala malayawo amachuluka. Ikagonja, malaya amatsala m'sutikesi. Kenaka anaimbira mafoni ophunzira ena n'kuwafunsa mmene masewero anathera. Timu ikakhala kuti inapambana, ambiri ankayankha kuti "tinawina". Ikakhala kuti inagonja, mawu aja a "ife" ankasowa, n'kumati "analuza".

Ife olankhula Chichewa izi timazimva bwino kwambiri, chifukwa kusiyanako kuli pa kachilembo kamodzi koyambirira. Tawina. Aluza. Tagoletsa. Agoletsetsa. Mvetserani m'minibasi Lolemba m'mawa, mudzamva nokha. Munthu sachita dala ayi. Mtima umadziteteza wokha, umasendera kufupi ndi moto ukamafunditsa, n'kudzipatula ukayamba kutentha. Koma ine ndimalemekeza sapota amene amatha kunena kuti "taluza" pakamwa posanjenjemera. Ameneyo wavomera kuti anasankha kukhala mbali ya chinthu chimene sangachilamule, ndipo walira mvula walira matope.

Ululu wake ndi weniweni, ndipo asakunamizeni munthu kuti poti ndi masewero chabe ndiye mulibe chifukwa chokhumudwira. Munthu waikapo miyezi isanu ndi itatu ya chiyembekezo, ndalama ya mafuta, tulo, ndi ulemu wake pamaso pa anzake akuntchito. Chimene ndikuopa ine ndi kumene ululuwo umakatera. Akatswiri awiri a zachuma, Ozkan Eren ndi Naci Mocan, anafufuza zigamulo za makhoti a ana m'chigawo cha Louisiana kuyambira 1996 mpaka 2012. Anapeza kuti timu ya Louisiana State University ikagonja masewero amene aliyense ankati ipambana, sabata yotsatirayo oweruza ankapereka zilango zotalikirapo kwa ana olakwa. Izi zinkaonekera kwambiri mwa oweruza amene anaphunzira pa yunivesiteyo, ndipo ana achikuda ndi amene ankapsa nazo koposa. Taganizirani. Mwana amene sanagwireko mpirawo, mwina sanaonere n'komwe, akulandira masiku owonjezera chifukwa woweruza mtima sunakhale pansi chichokereni Loweruka.

Ena awiri, David Card ndi Gordon Dahl, mu 2011 anaonetsa zofanana pa ligi ya akuluakulu ya NFL. Timu ya m'deralo ikagonja mosayembekezeka, malipoti a kupolisi a amuna omenya akazi awo kunyumba ankakwera ndi pafupifupi 10 pa 100 aliwonse. Ikagonja masewero amene anthu ankadziwa kale kuti ndi ovuta, kukwera kotero sikunkaoneka. Mwaona pamene pali nkhani? Chimene chimapweteka kwenikweni ndi mtunda wa pakati pa zimene unadziuza ndi zimene zachitika. N'chifukwa chake masewero oyamba amaluma kuposa ena. Pa tsiku limenelo palibe timu imene yagonjapo, aliyense ndi katswiri m'mutu mwake, ndipo chiyembekezo chakwera popanda choyesera. Abambo anzanga, ngati mwazindikira kuti timu ikagonja ana amathawira kuchipinda mukamalowa m'nyumba, vuto silili pa kochi. Zungulirani kaye panja, mtima utsike, kenaka mulowe.

Ena ululuwo amakautula pa osewera. Tisaiwale kuti awa ndi ana asukulu. Klubnik usiku umenewo anali ndi zaka 19. N'zoona kuti kuyambira Julayi 2021 malamulo amawalola kupanga ndalama ndi mayina awo, ndipo ena amapeza zambiri ndithu, koma ndalama sizikulitsa mtima wa mwana. Akatsegula foni atatuluka m'bwalo amapeza mazana a mauthenga otukwana, ena ochokera kwa anthu amene anabetcha n'kudyedwa. Zinafika poti mu Malichi 2024 mkulu wa bungwe loyendetsa masewerowa la NCAA, Charlie Baker, anapempha zigawo za dzikolo kuti ziletse kubetcha pa zimene wosewera mmodzi wa kuyunivesite achite m'bwalo. Kubetchaku nafenso kwatilowa, ndipo mukudziwa mmene kumasinthira maonedwe a mpira. Munthu amaleka kuona mnyamata amene wapunthwa, amangoona tikiti yake imene yapsa.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Nanga chaka chija chinatha bwanji? Sindikunamizani kuti zonse zinakoma. Mndandanda wotsatira utatuluka, Clemson inagwa kuchoka pa 9 kufika pa 25. Inagonjanso kwa Florida State, kwa Miami, ndi kwa NC State. Pofika kumapeto kwa Okutobala inali itapambana anayi, kugonja anayi. Maloto a ukatswiri anali atafa kalekale.

Chaka chimenecho ku Clemson kunali pulogalamu ya pawailesi imene kochi ankakhala pa maikolofoni n'kumayankha mafoni a masapota. Pa 30 Okutobala anaimba munthu wina amene anafunsa mosapsatira mawu kuti n'chifukwa chiyani Swinney akulandira madola 11.5 miliyoni pachaka kuti azipambana theka lokha la masewero. Ndalamayo sanaipeke, mu 2022 kochiyo anasaina mgwirizano wa zaka 10 wa madola 115 miliyoni. Swinney anapsa mtima. Kwa mphindi zingapo anamukalipira woimbayo pawailesi pomwepo, kumukumbutsa zikho ziwiri zija, kunena kuti anthu akuyembekezera zambiri koma kuyamika kwawachepera, n'kumuuza kuti ngati akuona kuti angathe, akafunsire ntchitoyo.

Ine monga munthu wa pawailesi, foni imeneyo ndimaiganizira kawirikawiri. Woimbayo anali ndi ufulu wofunsa. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo munthu wolandira ndalama zotero ayenera kupirira funso lowawa. Masapota ambiri ankadandaulanso ndi mfundo yomveka, yakuti matimu ena akutenga osewera okhwima kale kuchokera ku mayunivesite ena pamene Swinney akukakamira kulera akeake. Kumeneko ndi kudzudzula kwa munthu wokonda timu. Koma kochiyo naye ananena choona chimodzi. Anthu amene azolowera kupambana zaka 12 amayamba kuona chipambano ngati ngongole imene timu iyenera kuwabweza, ndipo ikapambana samva kukoma, amangopuma kuti lero tapulumuka. Sapota wa Duke usiku uja anasangalala chisangalalo chimene sapota wa Clemson anali atachiiwala kalekale.

Tibwerere m'galimoto muja, pa msewu wa I-85, mwana akudikira yankho. Bamboyo angathe kunena kuti achitsiru amenewa atichititsa manyazi, sindidzawononganso mafuta anga. Mwanayo aphunzira kuti anthu timawakonda akamatisangalatsa basi. Kapena angathe kupuma kaye, n'kunena kuti: "Taluza, mwanawe, ndipo zikundiwawa kwambiri. Koma Loweruka tikusewera pakhomo. Ukachape jezi yako." Sakubisa kuwawa, sakunamiza mwana kuti zilibe kanthu. Wangosunga kachilembo kaja koyambirira pamalo pake. Ine ndikanakonda atayankha chonchi, ndipo ndikukhulupirira kuti m'magalimoto ambiri usiku umenewo munamveka mawu otere.

Amene anachapa majezi awo anaona izi. Patangopita masiku asanu chichitikireni foni ija, pa 4 Novembala, Clemson inagonjetsa Notre Dame 31 kwa 23 pakhomo, ndipo Swinney anaposa Frank Howard, mwini mwala uja, pa chiwerengero cha masewero opambana pa sukuluyo. Amene ananyamula timu pamsana tsiku limenelo anali Phil Mafah, ndi mayadi 186. Anapambananso atatu otsatira. Pa 29 Disembala, mumzinda wa Jacksonville ku Florida, anakumana ndi Kentucky pa masewero otsekera chaka otchedwa Gator Bowl. Chikho cha dziko chinali chitapita kwina, masewerowa sakanasintha zimenezo, komabe anthu a lalanje anayenda ulendowo ndi ndalama zawo za madola awiri. Kutatsala masekondi 17 okha, Clemson ili kumbuyo, mpira unali mayadi atatu kuchokera pa mzere. Anaupereka kwa Mafah, mnyamata yemwe uja unamupulumuka pa yadi imodzi ku Durham. Anaukumbatira pachifuwa, n'kuwoloka. Aka kanali kachinayi kuwoloka mzere tsiku limenelo, ndipo masewero anatha 38 kwa 35.

(NYIMBO YOTSEKERA IYAMBE CHAPANSIPANSI)

Nthawi yathu yathera pamenepa, omvera.

(NYIMBO IKWERE MPAKA KUMAPETO)